Ndinachapa Eyakilina ndi Sopo

Amuna anga atamwalira anandisiyira ana atatu, nyumba ya ku Zakazaka ndi pikapu yoyera. Za ana ndi nyumba panalibe amene anakangana nane. Pikapu ija ndiyo inautsa mapiri pachigwa.

Munali m'zaka zoyambirira za matipate, mvula yoyamba itangogwa. Malemuwo anagwira ntchito ya zankhalango pamwamba pa phiri la Zomba pafupifupi moyo wawo wonse, ndipo atapuma anagula galimotoyo kuti azitsitsira mbatatesi ndi matabwa kumsika. Ine ndinali mphunzitsi wa kupulayimale. Kuyendetsa anandiphunzitsa okha pabwalo la mpira cha ku Masongola, tikukalipirana mpaka ana a sukulu kumaima n'kumationerera, koma layisensi ndinatenga ulendo woyamba womwe. Ndikunena zimenezi chifukwa pa tsiku lometa, abale a amuna anga analankhula ngati chiwongolero sindinachigwirepo chibadwire.

Ena mwa iwo ankafuna galimoto igulitsidwe sabata lomwelo. Woti agamule anali mkulu wawo wa malemu, amene ine ndinkawaitana kuti alamu. Anali munthu wamtali, wosaseka wamba, ndipo anayendetsa malole zaka zambiri mpaka maso atayamba kufooka.

"Alamu," anatero kwa ine, "galimoto si mbaula yoti mungokoleza n'kuzimitsa. Mudzaipha."

"Nanga akaipha amuna ndiye imafa bwino?" ndinayankha motero pamaso pa anthu onse. Pakamwa pangapa pandipalamulira zambiri, ndipo tsiku limenelo mayi anga anachita kunditsina pantchafu.

Alamu sanapse mtima. Anagamula kuti galimoto ikhale ndi ine chaka chimodzi, kufikira tsiku lovundukula chiliza ndi kundisudzula. "Dzulo lake ndidzaiyesa ndekha. Ikadzapezeka ili bwino, ndi ya anawa. Ikadzapezeka ikudwala, tidzagulitsa isanafere m'manja mwanu." Onse anavomera, ena akumwetulira, poti kwa iwo zinali zodziwikiratu mmene zidzathere.

Ine galimotoyo sindinkaifunira ulemu ayi. Malipiro a uphunzitsi ankatha mwezi usanafike pakati. Chimene chinkasunga ana anga pasukulu, makamaka woyamba amene ankalota zodzalowa koleji ya ku Chirunga, anali maulendo a kuphiri. Loweruka lililonse, ndi masiku onse a holide, ndinkakwera m'mamawa ndi amayi ogulitsa mbatatesi atadzaza kumbuyo, n'kutsika masana ndi matumba awo. Pamwambapo phula silipita patali. Kukafika kuminda umalowa misewu ya m'nkhalango ya paini, yadothi lofiira. Nthawi ya mvula ndinalimbana ndi matope ndipo ndinawagonjetsa. Za fumbi palibe anandichenjeza.

Kuyambira mwezi wa Julaye misewu ija inauma gwa. Ukatsatana ndi lole ya matabwa, sunkaona ngakhale boneti yako. Amayi a kumbuyo ankatsika atafiira nsidze ndi mano omwe, akusekana. Pofika Ogasiti galimoto inayamba ulesi. Pamakhota pamene kale ndinkadutsa ndi giya yachiwiri, tsopano inkapempha yoyamba, ikuwefuka, ndipo petulo inkamwa ngati chidakwa cha ku Chinamwali. Kugalaja ndinkaopa, chifukwa Zomba ndi tauni yaing'ono: ukatsokomola ku Zakazaka, a ku Masongola amakupepesa. Ndinkadziwa kuti akangoiona pikapu yoyera ili yasaa pagalaja, nkhani ikafika kwa alamu dzuwa lisanalowe.

Ndinafunsa mwakachetechete kwa madalaivala a mapikapu amene tinkaima nawo kumsika. Mmodzi anatsegula boneti, n'kumasula kanati pamwamba pa chitini chozungulira, n'kutulutsamo chinthu chonga nkhata, cha pepala lopindapinda, chofiira ndi fumbi.

"Iyi ndi eyakilina, mayi. Imasefa mpweya umene injini ikupuma. Yanuyi yatsekeka. Ife pokwera phiri timangoichotsa, galimoto imachita kuuluka."

Zoichotsa sindinazikonde. Ngakhale ine mphunzitsi wa Sitandade 4 ndinaona kuti amene anaiika pamenepo sanali wamisala. Koma pobwerera kunyumba ndinakumbukira chinthu china. Ndinkawaona malemu atakhala pakhonde ndi beseni, akuchapa chinachake chimene ankachitcha eyakilina, n'kuchifinya, n'kuchiyanika. Ndinati eyaa, ndiye kuti imachapidwa! Ndipo pa nkhani yochapa, abale, ndani angandiphunzitse ine?

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinatenthetsa madzi. Ndinathira sopo waufa wosaumira, ndinaiviika, kenaka ndinatenga burashi yochapira mayunifomu a ana n'kulowa nayo mpindo uliwonse. Madzi anafiira katatu, kachinayi anayera. Ndinaiyanika pathandala pakati pa mbale ndi makapu. Mayi woyandikana naye nyumba anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati ndagula sefa yamakono. Ndinamuyankha monyada kuti zimenezi n'za akatswiri a magalimoto.

Loweruka lotsatira galimoto inakwera phiri ngati yatsopano. Amayi a mbatatesi anaimba nthungululu pakhota lalikulu lija. Ine ndinkangoti, alamu mubwere mudzaone. Patatha masabata awiri ndinachapanso, kenaka ndinachapanso kachitatu, ulendo uliwonse ndikukhula mwamphamvu kuposa poyamba. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chimene chinandipulumutsa ndi oilo. Ndinaona kuti akutsika msanga pa kandodo koyezera kaja, ndipo tsiku lina Lachisanu, chakumasana, ndinapita kukagula wina kusitolo ya zipangizo za magalimoto pafupi ndi msika. Inali ya banja lachimwenye, ndipo malemu ankagula kumeneko. Pakauntala pankakhala mayi wachikulire wovala mpango woyera, nawonso amasiye, amene anagulitsa zitsulo za magalimoto kuyambira ine ndisanakwatiwe. Anabadwira m'Zomba momwemo ndipo Chinyanja chawo chinali chathu chenicheni. Nditalowa ndinapeza ana awo aamuna akukoka zitseko kuti apite kumzikiti.

"Aphunzitsi, oilo akupita kuti?" anandifunsa mayiwo. "Si mwezi wathawu munagula?"

"Kaya, mayi. Koma galimoto ili bwino zedi. Chichapireni eyakilina ikuthamanga ngati mphepo."

Anavula magalasi pang'onopang'ono. "Mwachapa chiyani?"

"Eyakilina."

"Ndi madzi?"

"Ndi sopo yemwe. Ndi burashi."

Anatembenukira kwa ana awo. "Pitani mukapemphere, ndikhoma ndekha." Kenaka anatsika pampando wawo wautali uja, n'kundigwira dzanja ngati mwana wa Sitandade 1, mpaka pagalimoto.

Anamasula okha kanati kaja. Anaitulutsa eyakilina yanga yoyera mbee, n'kuikweza kudzuwa, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kuchokera m'kati. Mayo ine! Pepala lonse linali timabowo tokhatokha, kuwala kukulowa ngati m'nyumba ya malata akale. M'mipindo ina linali litang'ambikiratu. Atatero anapisa chala m'kamwa mwa kabuleta, mmene mpweya wosefedwa umalowera, n'kundipaka pachikhatho. Linali dothi lofiira, lokhakhala.

"Muno muyenera kukhala moyera moti n'kunyambita," anatero. "Galimoto yanu imathamanga chifukwa palibenso chotchinga. Mwezi wonsewu yakhala ikumeza phiri la Zomba. Mumadziwa mmene mchenga umakhulira poto? Ndi mmene fumbili likukhulira m'kati mwa injini. Oilo wanu akudutsa pamene pakhulikapo, n'kumapsa."

Ndinakhala pasitepe ya sitoloyo n'kulira, ine mzimayi wamkulu, anthu akudutsa. Ndinkalira ana anga, ndinkalira manyazi, komanso ndinkakwiyira malemu chifukwa chochapa zinthu pakhonde osanena kuti n'zachiyani. Mayi aja sananditonthoze ndi mawu okoma. Anangoima pambali panga kunditchingira dzuwa, ndipo patapita kanthawi anati, "Mukatha mulowe, ndikuonetseni."

Pakauntala anayalapo zinthu zinayi. Anayamba ndi kasiponji kakuda, kofewa.

"Amuna anu ankachapa iyi. Ndi ya njinga yamoto imene ankayendera m'nkhalango, ndinkawagulitsa ndine. Ya siponji imachapidwa, inde, koma ikauma umaidontheza oilo n'kuifinya, chifukwa chogwira fumbi ndi oiloyo. Siponji youma ndi khomo lotsegula."

Ndinangogwira pakamwa. Njinga ija ndinaikumbukira bwinobwino, yofiira, imene anaibweza kuntchito popuma.

Chachiwiri chinali chitini cholemera chimene anachita kuchikoka pansi pa shelefu, chafumbi, choti palibe anachifunsapo zaka zambiri. Anati ndi ya malole akale ndi mathirakitala. Pansi pake umathiramo oilo, mpweya umagunda pa oilopo, fumbi n'kutsalira momwemo. Imeneyo sutaya, umangokhuthula matope n'kuthira oilo wina. Ankaikonda, ndinaona mmene ankaisisitira, koma anati pa pikapu yanga singakwane, ndipo fumbi losalala kwambiri limaipulumuka injini ikamayenda pang'onopang'ono.

Kenaka anandikankhira ziwiri za pepala, zofanana ndendende ndi yanga. "Izi ndiye zanu. Ina ndi yotchipa, ina ndi yodula. Sindikuuzani kuti iti ndi iti. Ndinu aphunzitsi, chongani."

Poyamba ndinati akundiseka. Koma nditazinyamula, ina inali yopepuka. Ndinawerenga mipindo ndi chala monga ndimawerengera ana pamzere, ndipo yopepukayo inali ndi mipindo yotalikirana, yochepa. Pepala lake linali lopyapyala. Labala wa m'mphepete anali wouma, wosatobwanyika, pomwe wa inayo ankabwerera ukamudina.

"Iyi yalephera," ndinatero.

"Chifukwa?"

"Pepala lachepa, ndiye itsekeka msanga. Ndipo labalayu sagwira bwino chitini, fumbi lizidutsa m'mbali."

"Mwakhoza. Wa m'tauni woyenda paphula angathe kugula yopepukayo, ndimawagulitsa ndipo sadandaula. Koma inu wa kuphiri ayi. Ya pepala ndiyo imagwira fumbi losalala kuposa zonsezi, koma ndi yamanyazi: siifuna madzi, siifuna burashi, siifuna kumenyetsedwa patayala monga amachitira anzanu kumsika. Muziigogoda pang'ono ndi chikhatho basi. Ikatopa, tayani."

Ndinatenga yolemerayo. Ndikuti ndizipita, anandiitananso. Anadula chidutswa cha siponji yopyapyala, anachiyeza mozungulira eyakilina yatsopanoyo, n'kundiuza kuti ndikachisoke ngati lamba, ndizichiveka kunja kwake kuti fumbi lalikulu lizitsalira pamenepo.

"Inu ndi mayi waukhondo, manja anuwo sakhala chete, ndawaona. Akayabwa muzichapa ichi. Pepalalo mulisiye."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Siponjiyo anakana kuti ndilipire. Mayi amene uja ndimamuthokoza mpaka lero, ndipo ndikamadutsa pamene panali sitoloyo ndimachepetsa liwiro. Akanatha kungondigulitsa oilo, mwezi ndi mwezi, mpaka injini itafa, ndipo palibe akanawanena. M'malo mwake anataya nthawi yawo yopemphera n'kuphunzitsa munthu wamakani ngati ine.

Anthu atabwerako kumzikiti, mayi aja anaitana makaniko wina wachikulire amene ankagwirira ntchito kuseri kwa sitoloyo, kobisika bwino. Bamboyo anakhuthula oilo yense, anatsuka kabuleta, kenaka anaimvetsera injini nthawi yaitali atatseka maso.

"Siinafe, mayi," anatero. "Koma fumbi yalawa. Izitulutsa kautsi mukaponda moto pokwera. Mukaisamala ikhoza kukutumikirani zaka."

Kautsiko kanalipodi, kobiriwira, kooneka bwino pagalasi. Miyezi iwiri inali itatsala kuti alamu abwere. Madalaivala a kumsika anandiuza nzeru ina, yoti dzulo la mayesolo ndidzathire oilo wolimba kwambiri, wonga uchi, utsi udzabisala tsiku lonse. Ndinapita kwa mayi aja kukamufuna. Anakana kundigulitsa.

"Alamu anu anakalambira m'malole. Adzangokoka kandodo n'kutikita oiloyo ndi zala, basi adziwa. Pano muli ndi utsi wokha. Mukufuna adzapeze utsi ndi bodza lomwe?"

Ndinatuluka nditakwiya, osatsanzika n'komwe. Koma oiloyo sindinakamufune kwina. Miyezi iwiriyo ndinaisamala galimoto ija kuposa mmene ndinasamalira mwana aliyense. Siponji ndinkachapa Loweruka lililonse madzulo. Lole ya matabwa ikakhala patsogolo, ndinkaima pambali mpaka fumbi litakhazikika, amayi a mbatatesi akudandaula kuti msika utha.

Alamu anafika m'mawa wa tsiku limene ananena, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Tiyi anamwa ataimirira. Chifukwa cha maso sanayendetse okha. Anakhala pambali panga n'kuti, "Tiyeni kuphiri."

Njira yonse ankangopendeketsa mutu kumvetsera injini. Titafika pokwera kwambiri anati, "Pondani." Ndinaponda. Anatembenuka n'kuyang'ana pagalasi la kumbuyo nthawi yaitali, ndipo ine sindinafunikire kuyang'ana kuti ndidziwe chimene akuona. Pamwamba, pafupi ndi damu, anandiimitsa. Anatsegula boneti, anakoka kandodo ka oilo, anatikita ndi zala, ananunkhiza. Kenaka anatsegula chitini chija n'kupeza eyakilina itavala lamba wake wa siponji, wosokedwa ndi ulusi wobiriwira wa yunifomu.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinawauza. Anandifunsa chifukwa chake ndinagula yolemerayo pomwe yotchipa ilipo, ndipo ndinafotokoza za mipindo ndi za labala. Anagwedeza mutu. Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Nanga utsiwu wachokera kuti? Mng'ono wanga anaisiya ilibe utsi."

Ndinaulula zonse, beseni, sopo, thandala, osasiyako kanthu.

"Kangati?"

"Katatu, alamu."

"Ndi sopo?"

"Ndi burashi yomwe."

Anatembenuka n'kuyang'ana kumadzi. Mapewa awo ankagwedezeka, kaya ndi chifuwa kaya ndi chiyani, sindinathe kuona nkhope. Atatembenukanso anangoti, "Titsike." Anakatsikira padepoti n'kukwera minibasi ya kumudzi osandiuza chigamulo chawo. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Ndinatulutsa m'galimoto zinthu zanga zonse, ambulera, chingwe chomangira matumba ndi kabuku ka nyimbo, kuti mawa ndisadzachite manyazi kuzitola anthu akuona.

M'mawa mwake ndinayendetsa pikapu ija kupita kumudzi kwa amuna anga, kuseri kwa phiri, ana atakhala kumbuyo. Chiliza chinavundukulidwa, tinapemphera, tinalira pang'ono. Titadya, akuluakulu anakhala pabwalo kuti andisudzule. Nkhani ya galimoto itafika, msuweni wina wa malemu, amene kuyambira kale ankaiyang'ana ndi diso lanjala, sanadikire n'komwe kuti apatsidwe mpata.

"Apa palibe chovuta. Tonse tauona utsi pamene imakwera pachitunda paja. Galimoto yadwala. Pangano ndi pangano."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Mwana wanga woyamba anandigwira mkono. Alamu anaimirira pang'onopang'ono, atagwira chipewa m'manja.

"Utsi ulipo," anatero. "Ndauona dzulo ndi maso anga ofookawa. Koma utsiwo si wa alamu angawa. Mng'ono wanga ankachotsa eyakilina pokwera phiri kuti galimoto ithamange, ndipo anamuphunzitsa zopusazo ndine. Fumbi linalowa kalekale, utsi wangochedwa kuoneka. Ngati pali amene anaidwalitsa galimotoyi, ndi ine pano ndi uyo tamuvundukulira chilizayu. Mayiwa anailandira ili ndi matenda kale, ndipo aisamala kuposa mmene ife madalaivala timachitira. Ndi ya ana. Ndatha."

Abale, amuna anga sanachotsepo eyakilina ngakhale tsiku limodzi. Anali munthu wopukuta injini ndi kansalu Lamulungu lililonse. Ndipo alamu, amene ulemu wawo wonse pamudzipo unali woti lole siinawaferepo panjira, anali atangodzitcha wopusa pamaso pa akamwini ndi adzukulu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze. Anandiyang'ana n'kunena mokweza, "Alamu, sindinakufunseni." Msuweni uja anayesa kulankhulanso koma panalibe womuthandiza, poti amene akanatsutsa nkhaniyo anali m'manda. Anandisudzula, anandipatsa makiyi ndi mapepala a galimoto, anthu n'kuyamba kubalalika.

Galimoto ija inagwira ntchito zaka zambiri, kautsi kake kali pambuyo, ndipo ndi yomweyo imene inanyamula sutikesi ndi matiresi a mwana wanga kupita ku Chirunga. Koma tsiku limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti munthu amene ndinamuyankha mwano pamaliro wandiveka ndili maliseche. Ndinawapeza ataima okha kuseri kwa nyumba, akusamba m'manja. Ndinagwada pansi, mawondo m'fumbi, ine amene sindigwadira munthu wamba.

"Alamu, zikomo. Koma mwawanamizira achimwene anu."

"Dzukani, anthu angaone," anatero. "Inu munandiuza zoona paphiri paja, mbali yanu inathera pomwepo. Bodzali ndi langa. Mng'ono wangayo ndikakambirana naye ndekha ndikakafika."

Anapukuta manja pajekete n'kubwerera kwa anthu.